Dothi la kumanda kwa Kabudula

Mu Disembala chaka chatha ndidapita kumaliro a apongozi a mphunzitsi mnzanga, m'mudzi wina wa m'dera la mfumu yaikulu Kabudula. Ndidatsika minibasi pa Nsaru n'kukwera kabaza, koma poti mvula idali itagwa usiku, theka la ulendo ndidayenda pansi, wakabaza akukankha njinga yake pambali. Ndidaona minda bwinobwino. Pena chimanga chidali chitafika m'mawondo, pena chikadali m'kakolo, chachikasu, ndipo pakati pa mizere madzi adali ataima ngati agwera pa simenti.

Amuna tidakakhala kumanda kudikira kuti adzukulu amalize ntchito. Inu a kuno kuchigawo chapakati mukudziwa kuti m'midzi yambiri nkhalango yotsala ndi manda basi. Kuchokera ku Mpingu mpaka ku Namitete, ukaona kagulu ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda sufunsanso kuti pali chiyani. M'menemo salimamo, satenthamo, ndipo nkhwangwa silowamo chisawawa.

Zokhala ngati zosayenera pamaliro, komabe maso anga adali pa dothi limene adzukuluwo ankatulutsa. Loyamba lidali lakuda bii, lofewa, lonunkhira ngati bowa, lozama kuposa chikhatho changa. Lidali ndi nyongolotsi, abongololo, chiswe, timizu, ndi tiulusi toyera tolukana m'masamba owola. Pansi pake ndiye padayamba katondo wofiira amene tonse timamudziwa.

Mwambo utatha tidadutsa m'munda wogundana ndi mandawo, mapazi makumi awiri okha kuchokera pamene tidakhala. Ndidatola kamtengo n'kufukula mzere. Katondo kuyambira pamwamba, wouma gwa m'kati ngakhale mvula idagwa dzulo lake. Nyongolotsi ngakhale imodzi. Mwini munda, bambo wachikulire, adandiona.

"Mukufunafuna chiyani, aphunzitsi? Nthaka imeneyo idatha. Popanda matumba awiri a feteleza simutolamo kanthu."

Ndidawafunsa ngati idali choncho kuyambira kale. Adaseka. Adati ali mnyamata, bambo awo potsegula mundawo dothi lidali limodzimodzi ndi la kumanda kuja, ndipo nyambo yowedzera ankakumba pomwepo, osachita kupita kudambo.

Mawu oti nthaka idatha timawanena kawirikawiri, koma sitifunsa kuti chidatha n'chiyani. Dothi lilipo. Chidatha ndi zamoyo zimene zinkagwira ntchito m'dothimo. Nyongolotsi zimakokera zinyalala pansi ndi kuboola timayenje tolowera madzi ndi mpweya. Charles Darwin, yemwe ana athu amamudziwa pa nkhani zina, adalemba buku lathunthu lonena za nyongolotsi mu 1881. Chiswe, chimene timachitukwana chikadula chimanga, chimatulutsa dothi la pansi n'kuliunjika pachulu, n'chifukwa chake maungu ndi chimanga cha pachulu sizifanana ndi za pena. Ngumbi zimene timakazinga mvula yoyamba ikagwa ndi zake, ndipo bowa wa utale amachita kulimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu. Tiulusi toyera tija ndi thupi lenileni la bowa. Tina timalumikizana ndi mizu n'kumaithandiza kupeza madzi ndi chakudya. Ndelema amamera pamene pali mitengo yachilengedwe chifukwa amadalira mizu yake. Mitengo ikapita, nayenso wapita, ndipo amayi a kuno amachita kumugula kwa ochokera cha ku Dzalanyama.

Zing'onozing'ono kwambiri sitiziona n'komwe. Zulani mtedza kapena soya muone timibulu ta kumizu. Mukatswa kamodzi n'kupeza m'kati muli mofiirira, dziwani kuti mabakiteriya ali pantchito yotenga naitirojeni mumpweya n'kumupereka ku mbewu. Ndi chakudya chomwecho chimene timachilipira ndalama zambiri m'thumba la urea. Mankhwala aja amene alimi a soya amapaka kumbewu asanadzale si feteleza ayi, ndi mabakiteriya amoyo, n'chifukwa chake alangizi amati paketiyo isakhale padzuwa.

Tidazipha bwanji? Ndi njala, makamaka. Chakudya chawo ndi zotsalira za mbewu, ndiye ife chaka ndi chaka timasonkhanitsa mapesi n'kutentha. Anyamata osaka mbewa amamalizitsa zotsala. Khasu limatembenuza mizere pa msinkhu womwewo zaka makumi, mpaka pansi pamauma ngati njerwa. Chimanga chimatsatana ndi chimanga chinzake, kaufiti n'kumachuluka. Kuyambira 2005, pamene boma lidayamba makuponi a feteleza wotsika mtengo, nkhani ya nthaka m'dziko muno idasanduka nkhani ya matumba: ndani walandira, ndani wamanidwa, afika liti. Sindikunyoza feteleza, inenso ndimathira. Koma feteleza amadyetsa chimanga cha chaka chimenecho, sadyetsa nyongolotsi, ndipo urea wa zaka zambiri wopanda manyowa amawawasa nthaka. Dothi lopanda zowola silisunganso feteleza. Mvula yamphamvu ikagwa amatsetsereka nayo kupita ku Bua.

Chondipweteka n'chakuti nzeru zake sizili kutali. Malo ofufuzira zaulimi a Chitedze ali m'boma lomwe lino, pamsewu wa ku Mchinji. Mtedza wa CG7 umene wadzaza minda ya kuno udatuluka m'manja mwa akatswiri a kumeneko. Za kasinthasintha wa chimanga ndi mtedza, soya kapena nandolo, za mitengo yobwezeretsa chonde monga gliricidia ndi msangu, za kuphimbira nthaka ndi mapesi, zonsezi zakhala zikunenedwa zaka zambiri, ndipo mabungwe ngati Total LandCare aziyendetsa m'midzi.

Bambo aja atamva zimenezi adapukusa mutu, ndipo mfundo zawo sizidali zopepuka. Ukasiya mapesi m'munda, ng'ombe ndi mbuzi za eni zimadya zonse m'chilimwe, poti kuno ziweto zimamasulidwa anthu akangokolola. Zikapanda kudya, wina aponyapo moto. Amayi amafuna mapesi omwewo kuphikira chifukwa nkhuni kulibe. Munda ndi ekala imodzi ndi theka; ukapatsa theka mtedza, nsima ya Febuluwale ichokera kuti? Komanso nthaka sibwerera chaka chimodzi. Apa ndidaona kuti munthu mmodzi payekha sangakwanitse. Manda aja asungika chifukwa mudzi wonse udagwirizana ndipo mfumu ili ndi chindapusa kwa wolakwa. Mapesi alibe lamulo lotero m'midzi yambiri, ngakhale nyakwawa yomweyo ikadatha kuliika.

Ndisananyamuke ndidatulutsa kajumbo m'thumba, ndi maganizo okatapa dothi lakuda lija kuti ndikaonetse ana a Fomu 2 pa phunziro la zaulimi. Bambowo adandigwira dzanja.

"Iyayi aphunzitsi, la kumanda silituluka. Anthu akuonani adzati chiyani?"

Ndidachita manyazi, mwana wa Mchewa kuiwala zotere. Adanditengera kuseri kwa khola lawo la mbuzi, pamene mayi a kunyumbako amataya zinyalala ndi makoko a mtedza pansi pa mtengo wa mango. Adakumba kamodzi ndi khasu n'kundidzazira jumbo. Ina ndidadzaza ndi dothi la m'munda muja.

Lolemba ndidakhuthula majumbo awiriwo pa manyuzipepala akale kutsogolo kwa kalasi. M'dothi la kukhola ana adawerenga nyongolotsi zisanu ndi ziwiri ndi bongololo mmodzi, amene adathawitsa atsikana a kutsogolo. M'linalo adapeza nyerere ziwiri ndi kachidutswa ka pulasitiki. Mtsikana wina wochokera cha ku Nambuma adafunsa ngati nyongolotsizo zingakhale moyo atakaziika m'munda mwa amayi ake. Ndidamufunsa kuti zikadya chiyani kumeneko. Adaganiza pang'ono, kenako adati mapesi adatenthedwa kale mu Okutobala.