Mafuta Amaulula Pamene Mphepo Yataya Phiko

Ndege zokatera pa London City Airport kuchokera kummawa zimadutsa cha kuno ku Thamesmead zikutsika motsetsereka madigiri 5.5, pomwe mabwalo ambiri ndi 3 basi. Ndikaziona ndimaganiza za kampweya kopyapyala komamatira pa phiko, kamene Ludwig Prandtl anakafotokoza mu 1904, ife timati boundary layer. Ntchito yanga ndi kuonetsa pamene kampweyaka kamatayana ndi chinthu chosalala chikapendekeka mu wind tunnel, ndipo ndimanenetsa kuti kupaka mafuta sikunapeze mnzake.

Za kusema ndi kusalaza chifanizo choyesera mu wind tunnel ndizisiye, wantchito aliyense amazidziwa. Luso lagona pa kusakaniza. Timatenga ufa woyera wa titanium dioxide, palafini, ndi timadontho ta oleic acid toletsa ufawo kuchita mibulu. Zikalimba ngati phala, mphepo sizisuntha. Palafini akachuluka, zimangoyenderera zokha pansi n'kujambula bodza. Amene anatiphunzitsa ankayesa ndi chala, osati sikelo, chifukwa liwiro lililonse limafuna kasakanizidwe kake. Pa chifanizo chakuda chonga nsomba, chotukula mphuno, palafini akauma pamatsala timizere toyera ngati tsitsi lopesa. Timachokera kumimba, kuzungulira m'mbali kulowera kumsana, kenaka n'kukumana pa mzere umodzi wokhuthala mbali iliyonse. Apo ndiye mpweya wanyamuka n'kupotana ngati kamvuluvulu, kwina kumanja kwina kumanzere.

Makasitomala amati kompyuta imachita zomwezi motchipa, ndi zithunzi zamitundumitundu. Pamene mpweya wamamatira bwinobwino sindiwatsutsa. Koma pamalo otayanirapo mpomwe mapulogalamu ambiri amadalira zongoyerekeza za mpweya wovunduka, ndiye mzerewo amatha kuuika pomwe suli, chithunzi chili chokongolabe. Ena amati mafutawo amasokoneza mphepo yomwe tikuyeza, komanso amangoonetsa zapakhungu. Awa akunena zoona, mafuta akaunjikana amakankha mzere. N'chifukwa chake timapaka mopyapyala, timapukuta n'kubwereza kangapo, kenaka timatsimikiza ndi utsi kapena tiulusi tomata pa chifanizo: pamene mpweya wataya, tiulusito timagwedera, tina kuloza kutsogolo. Kubwerezaku ndiko kumadya masiku ndi ndalama, ndipo ndiko kumene otchipitsa ntchito amadumpha. Amapaka kamodzi, kujambula, n'kutumiza invoisi tsiku lomwelo.