Ku Nasrec, kumene mavoti 179 adasankhira dziko mtsogoleri

Basi yochokera pa Wenela mu Blantyre ikamalowa m'dziko la South Africa pa Beitbridge, anthu ambiri amakhala atatopa moti salabadiranso za kunja. Mwadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Harare, miyendo yatupa, chimene mukufuna n'kungofika basi. Ine ndidadzidzimuka kutulo basi itaima pomwetsera mafuta kufupi ndi Polokwane. Bambo wina wachikulire amene tidakhala mpando umodzi, yemwe wayenda msewu umenewu zaka zambiri, adandigwira paphewa n'kuloza chakum'mawa. "Achimwene, uko n'kumene adawagwetsera a Mbeki," adatero, ngati munthu amene akukuonetsa pamene padachitika ngozi ya galimoto.

Ankanena za mu Disembala 2007, pamene chipani cha African National Congress (ANC) chidachita msonkhano wake waukulu pa University of Limpopo, kunja kwa mzindawo. Nthumwi zidapatsa a Jacob Zuma mavoti 2,329, a Thabo Mbeki n'kupeza 1,505. A Mbeki adabwerera ku Pretoria akadali mtsogoleri wa dziko, koma chipani chitawapulumuka. Patangotha miyezi isanu ndi inayi, mu Sepitembala 2008, komiti yaikulu ya chipanicho idawauza kuti atule pansi udindo, ndipo adatuladi. Anthu mamiliyoni amene adavota mu 2004 palibe adawafunsa maganizo.

Mawu a bambo aja adandikhala m'mutu. Nditakhala masabata awiri kwa alamu anga ku Turffontein, kum'mwera kwa Johannesburg, ndidawapempha kuti Lamulungu lina akapuma kuntchito andiperekeze ku Nasrec, kumene kudachitikira misonkhano iwiri yomaliza ya chipanichi. Alamuwo adaseka. "Anzanu akabwera ku Joni kuno amati tikaone Sandton, kapena nyumba ya a Mandela ku Vilakazi Street. Inu alamu mukufuna kukaona mashedi?"

Sadaname. Nasrec ndi mashedi. Ndi bwalo la zionetsero za malonda, lofanana ndi lathu la ku Chichiri kumene kuli Comesa Hall, kungoti ili ndi lalikulu kambirimbiri: maholo ataliatali a malata, mpanda, zipata zokhala ndi manambala, ndi malo oimika magalimoto otambalala ngati dambo. Kumeneku n'kumene kumachitikira chionetsero cha Rand Show nyengo ya Pasaka, ndipo nthawi ya Covid-19 mu 2020 maholo ena adawasandutsa chipatala chongoyembekezera. Tsiku limene tidafikalo kudali zii. Mphepo inkauluza mapepala ndi fumbi lachikasu lochokera ku zimilu za dothi la m'migodi ya golide, zimene zaima ngati mapiri odulidwa mitu pakati pa Nasrec ndi Diepkloof, khomo lolowera ku Soweto. Alamu anga adati m'dothi lotere muli thukuta la agogo athu amene ankabwera pa Theba. Sindidawatsutse.

Kuti mumvetse chifukwa chimene shedi ya malata ingakhalire yofunika chotere, muyenera kudziwa mmene anzathuwa amavotera. Kwathu pepala lovotera limakhala ndi nkhope ya munthu amene akufuna utsogoleri wa dziko, ndipo timamuchonga tokha. Ku South Africa munthu savotera mtsogoleri wa dziko. Amavotera chipani, mipando 400 ya m'Nyumba ya Malamulo imagawidwa potengera mavoti amene chipani chilichonse chapeza, ndipo aphunguwo ndiwo amasankha mtsogoleri. Maina a aphungu a chipani amachokera pa mndandanda umene chipanicho chalemba chokha, ndipo phungu akachotsedwa m'chipani amataya mpando wake. Tsono kuyambira 1994 mpaka 2019, ANC inkapambana chisankho chilichonse ndi mavoti oposa theka: 62 pa 100 alionse mu 1994, pafupifupi 70 mu 2004, 57 mu 2019. Kwa zaka zonsezo, amene wagwira chipani ndiye wagwira dziko. Chisankho cha anthu onse chinkangodinda chidindo pa zimene nthumwi zagwirizana kale.

Mlonda wa pachipata china sadatilole kulowa, ndipo tidamumvetsa, poti n'ntchito yake. Koma adali munthu wochezeka. Atamva kuti ndife a ku Malawi komanso kuti tabwerera msonkhano wa 2017, adapukusa mutu n'kutiloza holo ina chapatali. Adati sabata imeneyo magalimoto apamwamba adadzaza ponseponse, mabasi a nthumwi za m'zigawo zonse zisanu ndi zinayi atandanda m'mbali mwa msewu, anthu ovala makaka achikasu, obiriwira ndi akuda akuimba usiku wonse, gulu ili nyimbo yake, gulu ilo yake.

Opikisana adali awiri: a Cyril Ramaphosa, amene adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndi mayi Nkosazana Dlamini-Zuma, amene adali atangomaliza kumene ntchito yawo monga wapampando wa African Union Commission, ndipo a Zuma ankafuna kuti iwowa ndiwo awalowe m'malo. Zotsatira zidalengezedwa madzulo a pa 18 Disembala 2017. A Ramaphosa 2,440. Mayi Dlamini-Zuma 2,261. Kusiyana kwake mavoti 179.

Nditaima pampanda paja ndidawerengetsa m'mutu. Nthumwi 90 zokha zikadasintha maganizo, wopambana akadakhala wina. Anthu 90 sadzaza n'komwe mabasi awiri onga imene ndidakwera pa Wenela. Dziko la anthu oposa 55 miliyoni, chuma chimene chimadyetsa mabanja kuchokera ku Lesotho mpaka ku Mangochi ndi ku Mzimba, zonse zidakolekeka pa anthu ochepa chotero. Pa mpando wa mlembi wamkulu padali pothina kuposa apo: a Ace Magashule adaposa a Senzo Mchunu ndi mavoti 24 basi. Ndipo zimene zidawaonekera a Mbeki zidawapezanso a Zuma. Miyezi iwiri isadathe, usiku wa pa 14 Febuluwale 2018, adatula pansi udindo chipani chawo chomwe chitawakakamiza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nthumwizi sizigwa kumwamba. Malamulo a ANC amati nthumwi zosachepera 90 pa 100 zilizonse zizichokera ku nthambi za chipani, ndipo nthambi imafunika kukhala ndi mamembala osachepera 100. Choncho nkhondo yeniyeni imayambira kutali ndi Nasrec, m'makalasi a sukulu ndi m'maholo a m'makomboni, kumene anthu amakangana kuti membala weniweni ndani, walipira ndani, msonkhano udakwana anthu kapena ayi. Mu 2017 mikangano yotere idafika kukhoti, ndipo kutatsala masiku ochepa zigamulo zidachititsa kuti ena a ku Free State, North West ndi KwaZulu-Natal asavote nawo. Pa mpikisano wosiyana ndi mavoti 179, ndani anganene kuti zimenezo zidali zazing'ono?

Palinso ndalama. Kumene voti imodzi ili yolemera chotere, imakhala ndi mtengo, ndipo akuluakulu a chipanicho akhala akudandaula okha poyera za kugula nthumwi. Kampeni ya a Ramaphosa, yodziwika kuti CR17, idatolera mamiliyoni ochuluka a marandi kwa anthu a bizinesi. Nkhaniyi idafufuzidwa, idapita m'makhoti, ndipo mu 2021 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lidagamula mowakomera a Ramaphosa. Sindikuti adaba kapena adagula munthu. Chimene chimandivuta ine n'chakuti chisankho chimene chinkatulutsa mtsogoleri wa dziko chidali ngati nkhani ya m'banja, yoyendetsedwa ndi malamulo a chipani, pamene chisankho chongodinda chidindo chija ndicho chidali ndi bungwe loyang'anira ndi anthu odzaonerera ochokera kunja.

Kuchoka pachipatapo tidayenda wapansi kulowera ku bwalo la mpira la FNB, limene lili pafupi zedi. Ambiri mumalikumbukira pa World Cup ya 2010, lija lomangidwa ngati chipanda cha mowa. Mumalowa anthu oposa 90,000. Muno ndimo a Nelson Mandela adalankhulira khamu atangotuluka kundende mu Febuluwale 1990, ndimonso mudachitikira mwambo wowakumbukira pa 10 Disembala 2013. Tsiku limenelo kunkagwa mvula, atsogoleri a maiko ambiri ali pomwepo, ndipo nkhope ya a Zuma ikangooneka pa kanema wamkulu wa m'bwalomo anthu ankawakuwiza, dziko lonse lapansi likuonera. Koma chaka chimodzi m'mbuyomo nthumwi zidali zitawapatsanso chipani ku Mangaung, ndipo patangotha miyezi isanu chikuwizireni, ANC idapambana ndi mavoti 62 pa 100 alionse, a Zuma n'kulumbiranso. Ndidaima pakati pa nyumba ziwirizi ndikuyang'ana uku ndi uku. Bwalo lalikululo, lokongolalo, n'lokuwiramo. Shedi yamalata ija ndiyo inkagamula.

Alamu anga sakonda ndale, koma tsiku la 18 Disembala lija amalikumbukira. Amagwira ntchito ya m'dimba la maluwa ku nyumba ina kumpoto kwa mzindawu, ndipo akuti abwana awo adakhala tsiku lonse m'galimoto akumvera wailesi. Sabata imeneyo randi idakwera mphamvu. "Ine sindivota kuno, alamu," adandiuza titakhala pa konkire wina kunja kwa bwalolo tikudya mabanzi, "koma anthu a m'shedi muja akayetsemula, feteleza wa mlongo wanu kumudzi amachepa kapena kuchuluka." Adaonjezanso kuti nduna yoona za mapepala a anthu obwera, mkulu wa apolisi amene amawaimitsa m'misewu, onsewo amaikidwa ndi munthu amene watuluka m'shedimo.

Mu Disembala 2022 nthumwi zidabweranso pa Nasrec pompa. A Ramaphosa, nkhani ya ndalama zobedwa pa famu yawo ya Phala Phala ili pakamwa pa aliyense, adapeza mavoti 2,476, a Zweli Mkhize 1,897. Ambiri adati basi, zaka zisanu zina zatheka monga mwa nthawi zonse.

Sizidatero. Pa 29 Meyi 2024 ANC idapeza mavoti 40 okha pa 100 alionse, mipando yake n'kutsika kuchoka pa 230 kufika pa 159. Kwa nthawi yoyamba m'zaka 30, wopambana m'shedi sadathe kulowa m'nyumba ya boma yekha. A Ramaphosa adasankhidwanso ndi aphungu mothandizidwa ndi Democratic Alliance, chipani chimene chakhala chikuwatsutsa zaka zonsezi, ndipo adapanga boma la mgwirizano. Nduna ija yoona za mapepala a alamu anga tsopano si ya ANC.

Koma taonani amene adadya mavotiwo. Democratic Alliance idangokwera pang'ono, kufika pa mipando 87. Chimene chidang'amba ANC ndi uMkhonto weSizwe, chipani chimene a Zuma adalengeza kuti akuchitsatira mu Disembala 2023 ali ku Soweto, kuseri kwa zimilu zomwezi. Chili ndi miyezi yowerengeka chabe chidatenga mipando 58. Economic Freedom Fighters ya a Julius Malema, amene adachotsedwa mu ANC mu 2012, idatenga 39. Mukaphatikiza 159, 58 ndi 39 mupeza 256 mwa 400, kumene kuli 64 pa 100 alionse, pafupifupi chimodzimodzi ndi zimene ANC inkapeza ili yathunthu. Zidayambira ku Polokwane kuja: otsatira a Mbeki ena adatuluka n'kuyambitsa Congress of the People, imene idatenga mipando 30 mu 2009. Msonkhano waukulu ukabala wopambana umabalanso woluza, ndipo woluza amene ali ndi anthu ake akaona kuti m'shedi mwamukanika, amakatsegula khomo lake panja. Kwa ine, ndi momwe chipanichi chidadyekera: osati ndi adani ake akale, koma ndi ana ake amene chidawatuma kukagona panja.

Ife kwathu tidazolowera zina. Zipani zolamula zimagwa pa chisankho cha anthu onse, ndipo amene wapambana ku Comesa Hall amadziwa kuti ntchito yangoyamba kumene. Ndidawafotokozera alamu anga zimenezi ndi kanyadiro pang'ono. Adandiyang'ana n'kundifunsa ngati ineyo ndidayamba ndasankhapo nthumwi ya chipani chilichonse, kapena ngati ndikudziwa dzina la munthu mmodzi yekha wa kwathu amene adapita kukavota kumsonkhano waukulu wa chipani chimene ndimachivotera. Ndidakhala chete. Nkhope zonse zimene ndakhala ndikuchonga pa pepala lovotera, adazibweretsa patsogolo panga ndi anthu amene sindiwadziwa.

Dzuwa litapendeka tidabwerera pachipata chija kukatsanzika. Mlonda uja adali atasinthana ndi mnzake, ndipo watsopanoyu sadafune zocheza. Mkati, anyamata ena ankatsitsa mipando ya pulasitiki m'lole n'kumaiunjika pakhomo la holo; mawa lake kudali chionetsero china cha malonda. Msonkhano waukulu wotsatira wa ANC ukuyembekezeka mu 2027, ndipo maina a ofuna mpando ayamba kale kumveka m'matakisi. Alamu anga adati tifulumire, chifukwa Lamulungu matakisi amasowa msanga, ndiponso pasipoti yanga ndidali nditaiiwala kunyumba.