MAU A PANSI

Pa zida zonse za gulu loimba, besi ndiyo imene anthu saiyang'ana. Maso amathamangira kwa woimba pakamwa, kwa mnyamata wa gitala amene amapinda msana ngati akumva kupweteka, ngakhale kwa wang'oma. Komatu wabesi akangochotsa zala pa nsambo, ovina onse amaima nkuyamba kuyang'anana, osadziwa chimene chasowa. Ine ndakhala ndikuimba besi kwa zaka zinai, kuyambira ku sekondale, ndipo pano pa koleji ndili m'kagulu ka anthu asanu. Tsono ndati ndilembeko za zinthu ziwiri zimene zimadya ndalama za wabesi aliyense: ampulifaya, bokosi lokweza mau lija, ndi mapedulo. Sindikunena mapedulo a njinga ai, koma timabokosi timene woimba amaponda ndi phazi kuti mau a chida chake asinthe.

Tiyambe ndi chifukwa chimene besi imavutira kumveka. Nsambo yaikulu ya besi, ija timaitcha E, imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, pamene nsambo yaikulu ya gitala wamba imanjenjemera ka 82. Besi ya nsambo zisanu imatsika mpaka pa 31. Funde limodzi la mau a E limatalika mamita 8 ndi kanthu, kuposa chipinda chimene timagona awiri ku hositelo. Kuti sipika itulutse funde lotere iyenera kukankha mpweya wochuluka, ndipo khutu la munthu nalonso nlogontherako ku mau a pansi. Nchifukwa chake wagitala amakugonthetsani ndi kabokosi ka mawati 30, pamene wabesi wa mawati omwewo amangooneka zala zikuyenda. Anzathu a Physics adzandivomereza kuti mukawirikiza mawati kawiri mau amangokwera pang'ono, madesibelo atatu basi. Kuti khutu linene kuti phokoso lawirikiza kawiri, mawati ayenera kuchuluka pafupifupi kakhumi.

Vutoli nlakale. Besi yoimirira ija, yonga vayolini wamkulu, inkamizidwa ndi malipenga ndi ng'oma, mpaka Leo Fender wa ku California anatulutsa besi yamagetsi yotchedwa Precision m'chaka cha 1951, nkutsatiza ndi ampulifaya ya Bassman mu 1952. Choseketsa nchakuti Bassman anaikonda kwambiri ndi a gitala, ndipo Jim Marshall wa ku London anatengera mapangidwe ake pamene ankapanga ampulifaya yake yoyamba mu 1962. Ngakhale bokosi lathu lomwe anatilanda! Mu 1960 kampani ya Ampeg inatulutsa B-15, kabokosi ka sipika imodzi ya mainchi 15 kamene kanadzaza nyumba zojambulira nyimbo. Mu 1969 kampani yomweyo inabwera ndi chilombo chotchedwa SVT, cha mawati 300, ndi bokosi la masipika 8 a mainchi 10 iliyonse, ndipo a Rolling Stones anayenda nacho paulendo wao wa ku America chaka chomwecho. Mutu wake wokha, osawerengera masipika, umaposa makilogalamu 35.

Ife SVT timangoiona pa zithunzi. Chaka chatha chonse ine ndinkalumikiza besi yanga ku ampulifaya ya gitala yobwereka ku tchalitchi kwa mnzathu wina, ndipo ndikagunda E mwamphamvu sipika inkalira ngati chitini chong'ambika. Titaimba pa maukwati awiri ndi pa phwando lotsanzikana ndi omaliza maphunziro, tinagwirizana kuti ndalama zonse zipite ku besi. Apa mpamene panabuka mkangano. Mnzathu wagitala, munthu amene amagona mochedwa poonera oimba pa YouTube, anali ataona kale m'sitolo ina m'tauni bokosi lopondera lokhala ndi mau a mitundu yambirimbiri m'kati mwake.

"Achimwene," anatero iye, "masiku ano anthu sasenza makabati. Gulani ichi, mau onse a ku America mukhala nao pa phazi."

"Nanga mauwo atulukira pati?" ndinamufunsa. "Pa chitini chija?"

Anaseka, koma sanagonje, ndipo tinakhala sabata ziwiri tikuyankhulana mwaulemu wopitirira muyeso, umene aliyense amene wakhalapo m'gulu loimba amaudziwa.

Ndisanamizire kuti mapedulo ndimawada. Mbiri yao njokoma. Paul McCartney anaimba besi yosasa mau, ya fuzz, m'nyimbo ya Think for Yourself mu 1965, ndipo Larry Graham wa gulu la Sly and the Family Stone anachita chimodzimodzi mu Dance to the Music mu 1968. Pedulo ya Mu-Tron III, imene inatuluka mu 1972, ndiyo inapatsa Bootsy Collins mau aja onga a chule wa m'dambo. Imamva mphamvu ya chala chanu, kotero kuti mukakoka nsambo mwamphamvu mau amatseguka, mukakhudza pang'ono amatsekeka. Imene ine imandikopa mtima ndi OC-2 ya kampani ya Boss, ya mu 1982, imene imaonjezera liu lina pansi pa limene mwaimba, lonjenjemera theka la liu lanulo. Pino Palladino anaigwiritsa ntchito pa besi yopanda tizitsulo ta pakhosi m'nyimbo za Paul Young, ndipo aliyense woimva koyamba amayesa ndi kiyibodi.

Koma taganizani. Theka la 41 ndi 20 ndi kanthu, ndipo pamenepo mpamene khutu la munthu limalekezera kumva. Oimba odziwa amaiponda pedulo imeneyi akamaimba m'mwamba mwa khosi la besi, kuti liu loonjezeralo ligwere pamene sipika ingathe kulinyamula. Ngakhale zili choncho, sipika yofooka singalitulutse. Imangogwedezeka, nkutentha, nkung'ambika. Fuzz nayo ili ndi msampha wake. Zambiri zimene zinapangidwira gitala zimadula mau a pansi, motero wabesi akangoponda, amamveka waukali ali yekha m'chipinda, koma pakati pa gulu amasowa ngati walowa m'madzi. Nchifukwa chake mapedulo opangidwira besi amakhala ndi kotembenuza kosakaniza mau osasawo ndi mau enieni a nsambo. Pedulo imakometsera mau amene alipo kale. Ine mauwo ndinalibe.

Mfundo imodzi ya mnzanga uja inali yolimba, ndipo ndiyenera kuilemba monga anainenera. Pali bokosi lina lopondera, lotchuka kwambiri ndi SansAmp Bass Driver la kampani ya Tech 21, limene limatsanzira mau a ampulifaya nkuwatumiza molunjika ku mikisa ya zimkuzamau za pamalopo. Wabesi wokhala nalo amafika pa ukwati ndi chikwama chokha. Ku mizinda kumene holo iliyonse ili ndi masipika akuluakulu a mau a pansi, nzeru imeneyi ilibe chilema. Koma kumene ife timaitanidwa, mwini zimkuzamau amabwera ndi masipika awiri oimika pa ndodo, ogulidwira zolankhula za atsibweni ndi ankhoswe, ndipo akangomva besi ikugunda amathamangira ku mikisa nkukutsitsa, poopa kuti umuphulitsira katundu. Sindimuda, katundu ngwake. Ndiponso poyeserera nyimbo m'kalasi madzulo sipakhala mikisa iliyonse. Wang'oma akapanda kumva besi amathamanga, ndipo gulu lonse limathamanga naye.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi anthu awiri amene ndimawalemekeza koposa. James Jamerson, amene besi yake ili pansi pa nyimbo zambiri za Motown za m'ma 1960 ku Detroit, ankaimba Precision ya nsambo zosalala zimene sankazisintha pokhapokha zitaduka, nkumakoka ndi chala chimodzi chokha, cholozera. Pansi pa chivundikiro cha nsambo panali kasiponji kochepetsa kulira kwa nsambozo. Anamwalira mu 1983, ndipo kufikira lero anthu akugula zida zodula pofunafuna mau amene iye ankatulutsa ndi chala chimodzicho. Winayo ndi Aston Barrett, wodziwika kuti Family Man, wabesi wa Bob Marley ndi a Wailers, amene anatisiya mu 2024. Iye ankatsitsa mau a pamwamba kuti patsale kugunda kokhakokha, nkumasiya mipata pakati pa mau kuti nyimbo ipume. Ife tinakulira m'rege, kuyambira wa ku Jamaica mpaka wa Evison Matafale ndi a Black Missionaries a ku Chileka, ndipo tonse tikudziwa kuti pa dansi ya rege besi imayamba kumveka pachifuwa isanafike m'khutu. Kugunda kumeneko kumachokera m'sipika yaikulu ndi m'mawati.

(Wina anganditsutse ndi Bakithi Kumalo wa ku South Africa, pakuti kachigawo kotchuka ka besi m'nyimbo ya You Can Call Me Al ya Paul Simon, ya mu 1986, theka lake lachiwiri ndi theka loyamba lomwelo loseweredwa chobwerera pa tepi. Zoona, makina nao amaimba. Koma theka loyambalo anaimba ndi manja, ndipo yesani kulitsanzira muone.)

Tinagula ampulifaya. Njakale, ya sipika imodzi ya mainchi 15 ndi mawati 200, ndipo amene angadzafune kugula yogwiritsidwapo kale ntchito amvere izi. Choyamba tembenuzani bokosi muwerenge kumbuyo. Katundu wambiri wotere amachokera ku America, kumene magetsi ndi a mavoti 120, pamene athu ndi a 230. Mukangolumikiza popanda thiransifoma, utsi wokha ndiwo mudzaone. Kankhani pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati pake: likamakhula m'kati, waya wake anapsa kale. Pitani ndi besi yanu yomwe, ndipo musachite manyazi kukweza mau, chifukwa wogulitsa amakonda kukuyesetsani motsitsa. Imbani E yosagwira, muisiye ilire mpaka ithe yokha, mukumvetsera ngati bokosi likunjenjemera kapena zomangira zikulira. Ngati mudzafune kuonjezera bokosi lachiwiri la sipika, kumbukirani kuti mabokosi awiri a maomu 8 olumikizidwa mbali ndi mbali amapanga maomu 4, ndipo awiri a maomu 4 amapanga 2, zimene maampulifaya ambiri sapirira. Alipo maampulifaya atsopano otchedwa Class D, amene mutu wa mawati 500 umalemera ngati paketi ziwiri kapena zitatu za shuga, koma mtengo wake sunapangidwire munthu wodya ndalama ya ngongole ya sukulu. Yathuyi njolemera, ndipo kondakitala wa minibasi amailipiritsa mpando wake ngati munthu.

Pali chinthu china chimene ndazindikira chibwerere bokosili, chimene sindinachiwerenge m'buku lililonse la besi, mwina chifukwa ambiri mwa mabukuwo amalembedwa ku America. Magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, pamene a kumeneko ndi ka 60. Waya wa pansi akakhala wosalumikizidwa bwino, monga zilili m'maholo ambiri akale, ampulifaya imang'ung'udza pa 50 pomwepo. Tsono liu la G, pa kachitsulo kachitatu ka nsambo yaikulu, limanjenjemera ka 49. Mau awiriwa akakumana amakankhana, ndipo mumamva G wanu akukwera nkutsika, akukwera nkutsika, kamodzi pa sekondi, ngati munthu wopuma movutika. Nyimbo zambiri za kwaya zimene timaimba pa maukwati zili mu G. Mapedulo amaonjezera vutoli, pakuti ambiri amadya mavoti 9, ndipo maadaputala otsika mtengo a pamsika amalowetsa phokoso la magetsi m'mau. Batire ndilo limakhala chete, koma limatha msanga. Jenereta ikalowapo, magetsi akathima pakati pa phwando, ndiye zimangodalira mwai.

Pedulo imodzi yokha ndiyo ndagula ndi ndalama zotsala, yochunira nsambo. Siisintha mau konse. Ukaiponda imatseka mau onse kuti uchune mwakachetechete pamene mkulu wa mwambo akulankhula, ndipo kwa ine imeneyi ikuposa fuzz kutali. Yachiwiri, ndalama zikadzapezeka, idzakhala kompuresa, imene imatsitsa mau ogundidwa mwamphamvu kuti afanane ndi ofooka, ndipo potero imatetezanso sipika.

Nthawi ya tchuthi ndinaima pa msika wina kumvetsera anyamata oimba babatoni, besi yathu ya nsambo imodzi. Mtengo wautali, waya mmodzi, ndi bokosi lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Dzanja lina limagunda waya ndi kamtengo, lina limayendetsa botolo pa waya posintha mau. Chikopacho chimagwira ntchito yomwe ija ya pepala la sipika, yokankha mpweya wambiri, nchifukwa chake bokosilo amalipanga lalikulu. Gulu la Daniel ndi Donald Kachamba, limene Gerhard Kubik wa ku Vienna anakumana nalo ku Blantyre mu 1967, linali ndi besi ya nsambo imodzi m'nyimbo zake za kwela, ndipo Gasper Nali ndi a Madalitso Band afika nayo babatoni ku Ulaya. Kutsetsereka kwa botolo lija nkofanana kwambiri ndi kwa besi yopanda tizitsulo ya Palladino ndi Kumalo. Nditamufotokozera zimenezi mnzanga wagitala, maso ake anawala, ndipo tsopano akufuna timange babatoni yathu, tiike maikolofoni pa chikopa, mau adutse m'pedulo ya OC-2 nkutulukira m'bokosi latsopanoli pa konsati ya kumapeto kwa chaka. Chikopa walonjeza kukapempha kwa amalume ake ku Dedza. Pedulo sitinapeze woti atibwereke.