Za Kanema wa Apolisi Omenya ndi Manja Okha

Pali chinthu chimene chakhazikika pakati pathu, ndipo akulu ambiri angochipenya ndi diso la kumbali. Tinena za kanema wa nkhonya ndi mateche, amene aonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo pa misika yathu. Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Liwonde kunka ku Mangochi, pofika pa Ulongwe amva phokoso la mfuti ndi kukuwa kwa anthu omenyana, lotuluka m'kanyumba kotchingidwa ndi nsalu pakhomo. Ndipo m'katimo anyamata adzaza mabenchi, maso onse kutsogolo. Ife amene tiphunzitsa ana tiyenera kufunsa kuti chowakoka n'chiyani, pakuti munthu sakhoza kulangiza mwana pa chinthu chimene iye mwini sanachizindikire.

Chilakolako chimenechi sichinayambe ndi ana a lero. Makolo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale anaonako basikopo m'makomboni, ndipo imene anaikonda koposa inali ya amuna okwera akavalo, othamangitsa mbala. Kuno kwathu, m'masiku a Dr. Banda, munalibe wailesi ya kanema, ndipo lamulo la chaka cha 1968 linaika bungwe lopenda mabuku ndi mafilimu asanafike kwa anthu. Television Malawi inayamba m'chaka cha 1999. Koma pamene inali kuyamba, makaseti a vidiyo anali atafika kale m'misika yambiri, ndipo jenereta imodzi inakwanira kusonkhanitsa mudzi. Pambuyo pake anadza madisiki, ndipo tsopano mnyamata anyamula mafilimu ambiri m'foni ya m'thumba.

Ambiri a mafilimu amenewa anachokera ku Hong Kong, kumene Bruce Lee anatchukira. Iye anamwalira m'chaka cha 1973 ali ndi zaka 32 zokha, ndipo chaka chomwecho filimu yake ya Enter the Dragon inatuluka nimveka dziko lonse. Otsatira ake anatenga luso lomwelo nalipatsa wapolisi. M'chaka cha 1985 Jackie Chan anapanga Police Story, m'mene anatsetsereka pa mzati wozengedwa ndi nyali za magetsi m'nyumba yaikulu ya masitolo, napsa manja ake enieni. Chaka chomwecho akazi awiri, Michelle Yeoh ndi Cynthia Rothrock, anaoneka monga apolisi mu filimu ya Yes, Madam. Amene anabwera pambuyo anapanga mafilimu otere ochuluka ndi ndalama zochepa: nkhani yake yaifupi, zovala zake zamasiku onse, malo ake nyumba yosungira katundu kapena doko la zombo.

Tsono chokoma chake chili pati? Ife tiona zifukwa zitatu.

Choyamba ndicho manja. Mawu akuti karate, luso lochokera ku chisumbu cha Okinawa ku Japan, atanthauza dzanja lopanda kanthu. Mnyamata wa pa Ulongwe amene apalasa njinga ya kabaza tsiku lonse, kapena asenza matumba a chimanga pa msika, alibe galimoto, alibe chuma, alibe mbale wake mu ofesi. Chimene ali nacho ndi thupi lake. Ndipo pano aona munthu wofanana naye, wovala malaya wamba, akugonjetsa anthu khumi okhala ndi mfuti ndi ndalama. Filimu ya ndalama zambiri ionetsa ndege ndi makina amene iye sadzawakhudza konse, koma filimu yosauka ionetsa mwendo ndi mkono, zimene iyenso anabadwa nazo. Umphawi wa filimuyo ndiwo umene uibweretsa pafupi ndi woonerera. Ku Uganda, m'dera la anthu osauka la Wakaliga mu mzinda wa Kampala, Isaac Nabwana anapanga Who Killed Captain Alex m'chaka cha 2010, ndi ndalama zimene zinenedwa kuti sizinapose madola 200, mfuti zake zosulidwa ndi zitsulo zotayidwa. Ndipo anthu a maiko akutali anaionera ndi chimwemwe.

Chachiwiri ndicho chinenero. Mafilimu ambiri amene afika m'misika yathu masiku ano ali ndi mawu a Chichewa oikidwamo ndi anyamata omasulira. Womasulirayo satsata mawu ndi mawu. Apatsa anthu a ku China maina a kwathu, aponyamo nthabwala, nachenjeza mdani kuti nthawi yake yakwana. Potero iye agwira ntchito imene agogo anali kugwira madzulo pa moto, ndipo oonerera nawo ayankha, aseka, adzudzula, monga ana ovomera nthano. Nkhani yakenso ili ndi mafupa a nthano: wamng'ono wochenjera alaka wamkulu wankhanza, monga Kalulu analaka Njovu ndi Mkango. Ana onse adziwa kuti ekita safa, monganso adziwa kuti Kalulu adzapulumuka. Koma akhalabe chete kufuna kuona njira imene adzapulumukire.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho cholemera, ndi njala ya chilungamo. Wapolisi wa mu kanema salandira chiphuphu. Munthu wosauka akamdandaulira, sanena kuti galimoto ilibe mafuta, sanenanso kuti bwerani mawa. Anyamuka pomwepo, ndipo angakhale mbala ikhale bwenzi la akuluakulu, iye aigwira. Mu filimu ya China O'Brien ya 1990, mkazi amene anasiya upolisi mu mzinda abwerera kwawo, napeza mudzi uli m'manja mwa anthu oipa. Atate wake, amene anali mkulu wa apolisi kumeneko, aphedwa, ndipo iye aimirira kulowa m'malo mwawo. Munthu amene anaberedwa mbuzi, naona wakubayo akuyenda mfulu pa msika, mtima wake upeza mpumulo pa nkhani yotere. Chifukwa chake tisafulumire kunena kuti ana athu akonda mwazi. Ambiri a iwo akonda kuona choipa chikulangidwa dzuwa lisanalowe.

Koma pomwepa ndi pamene pali mbuna. Wapolisi wa mu kanema ali yekha mboni, woweruza ndi wolanga, ndipo salakwa, pakuti wolemba nkhani anatisonyeza kale mbala ikuba. M'moyo weniweni mulibe amene anatisonyeza. Mulimo mphekesera, nsanje ndi mdima. M'chaka cha 2017 mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje nifalikira m'maboma ena a kumwera, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anzawo popanda bwalo. Sitinena kuti kanema ndiye anapha anthu amenewo. Mkwiyo wa khamu ndi wakale kuposa vidiyo. Koma mwana amene waona kambirimbiri kuti mlandu utha ndi teche, ndipo sanaonepo ndi kamodzi komwe mlandu ukutha ndi kufunsa mboni, tsiku lomva mfuu ya wakuba mwendo wake udzatsogola nzeru. Makolo athu poika bwalo la mfumu, pomwe woimbidwa mlandu apatsidwa nthawi yoyankha, anadziwa kuti mlandu suola, koma munthu wophedwa mwangozi sabwerera.

Palinso china chimene kanema abisa. Teche looneka pa kamphindi linagulidwa ndi zaka. Jackie Chan anapatsidwa kwa mphunzitsi wa masewera ali mwana wa zaka ngati 7, nakhala pansi pa mwambo wowawa zaka 10. Cynthia Rothrock anapambana mipikisano zaka zingapo asanaime patsogolo pa kamera. Mnyamata wothawa sukulu kuti akaonere anthu amenewa akusirira chipatso cha kupirira pamene iye mwini alikuthawa kupirirako. Ichi aphunzitsi anzathu achinene poyera m'kalasi, pakuti chimveka msanga kwa ana kuposa chikwapu.

Nanga tichitenji, makolo anzathu? Kuletsa kokha sikudzathandiza, popeza kanema walowa kale m'thumba la mwana. Tiyeni tipemphe eni tinyumba ta vidiyo kuti asalandire ana pa nthawi ya sukulu, ndipo mafumu ndi makomiti a sukulu aimirire pa mawu amenewa. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Tiyeninso tikhale nawo ana athu pansi tsiku lina, tionere pamodzi filimu imodzi, ndipo itatha tiwafunse kuti: Wapolisiyo anadziwa bwanji kuti munthu uja ndiye wolakwa? Akadakhala kuti anamenya wosalakwa, akadambweza ndi chiyani? Mwana amene aphunzira kufunsa chotero sanataye chikondi chake cha chilungamo, koma wachionjezera kuleza mtima. Ndipo mwina mwa anyamata okhala pa mabenchi aja mudzatuluka wapolisi weniweni, wokana chiphuphu monga wa mu kanema, amene akagwira mbala adzaiteteza ku miyala ya khamu kufikira ataipereka yamoyo pamaso pa woweruza.