Musanagule galimoto ya rimoti, itembenuzeni kaye

Masiku ambiri timakambirana za malungo, katemera ndi phala la ana, koma lero ndabwera ndi nkhani ya choseweretsa. Musaseke ayi. Choseweretsa chimenechi chinandithamangitsa usiku mwana ali kumsana, ine ndemwe namwino amene ndimakulangizani tsiku ndi tsiku.

Mwana wanga wamkulu ali ndi zaka 8, ndipo ndi katswiri wa magalimoto a waya. Pa Khirisimasi yapitayi amalume ake amene amagwira ntchito ku Johannesburg anamubweretsera kagalimoto kofiira ka rimoti, kokwana m'dzanja. Pakhomo pathu panasanduka bwalo la mpikisano. Ana oyandikana nafe ankasesa pabwalo, kulemba msewu ndi phulusa, kuika zidutswa za njerwa m'makona, kenako kagalimoto ka rimoti n'kumapikisana ndi magalimoto a waya. Ine ndinkangokondwa kuti ana ali pafupi, sakupita kudambo.

Tsiku lina chakumadzulo ndinapeza rimoti ili pamphasa, kumbuyo kwake kuli kotsegula. Kachitseko kake kanali kongokankha ndi chala, kopanda sikuluwu. Mkatimo munkakhala timabatire titatu tozungulira ngati mabatani a malaya. Ndinapezamo tiwiri. Pambali pake panakhala mlongo wake wamng'ono, wa chaka chimodzi ndi miyezi 8, akusekerera, dovu lili chuchuchu pachibwano.

Ndinafunsa wamkulu uja kuti, “Iwe, kabatire kena kali kuti?” Iye anati, “Sindikudziwa amama, ndinangosiya rimoti pamphasapo.” Tinakutumula mphasa, tinasuzumira pansi pa mipando, osakapeza. Sindinafufuzenso kupitirira apo. Ndinabereka mwana, ndinakwera kabaza mpaka kuchipatala. Atamujambula ekisire anapeza kuti m'thupi mulibe kanthu. M'mawa mwake kabatire kaja kanapezeka mu nsapato ya bambo ake. Tinaseka, koma ine miyendo inali ikunjenjemerabe.

Mwina mukuti, “Anamwino, mwana akameza kandalama si amakatulutsa kuchimbudzi?” Nthawi zambiri zimatero, koma batire si ndalama. Likakakamira mu njira ya chakudya, pakati pa kukhosi ndi m'mimba, malovu amalumikiza mbali zake ziwiri ndipo moto wa batire umayamba kuyenda. Pamenepo pamapangika mankhwala owotcha ofanana ndi soda uja wopangira sopo. Mnofu ukhoza kupsa kwambiri m'maola awiri okha, ndipo chilonda chikhoza kuboola mpaka kufika pa njira ya mpweya kapena pa mtsempha waukulu wa magazi. Oopsa koposa ndi mabatire ophwatalala ngati ndalama, monga lolembedwa CR2032, lomwe ndi la mavoti 3 ndipo m'lifupi mwake ndi mamilimita 20. Limakakamira mosavuta pakhosi pa mwana. Koma ngakhale tating'ono ngati ta m'rimoti yathu ija sitoyenera kutipeputsa, ndipo ana ena amatilowetsa m'mphuno kapena m'khutu, momwe timawotchanso chimodzimodzi. Batire loti latha, loti silikuyatsanso chidole, limakhala likadali ndi mphamvu yokwanira kuwotcha mwana.

Choipa china n'chakuti poyamba mwana amatha kuoneka bwinobwino. Ena amangokana kudya, kuchucha dovu, kutsokomola, kusanza kapena kulira akamameza, ndipo kholo limayesa chimfine. Ndiye ngati mwaona kapena mukungokayikira kuti mwana wameza batire, chitani izi.

Nyamukani nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Musadikire kuti muone ngati atulutse.

Musamusanzitse, musamupise chala kukhosi, musamupatse nsima, nthochi kapena madzi kuti “litsike”.

Ngati mwana wakwanitsa chaka chimodzi, akutha kumeza, ndipo sipanathe maola 12 chimezereni, mukhoza kumupatsa uchi masupuni awiri a tiyi mphindi 10 zilizonse, osapitirira ka 6, muli pa ulendo wa kuchipatala. Uchi umakuta batire n'kuchedwetsa kupsa, koma sulichotsa. Ngati uchi mulibe m'nyumba, monga zinalili kwa ine, musataye nthawi kuufunafuna kwa aneba. Khanda losakwana chaka musalipatse uchi ngakhale pang'ono, ndipo mwana amene akusanza magazi musamupatse chilichonse.

Mukafika, musakhale phee pamzere. Nenani momveka kuti, “Mwanayu wameza batire,” ndi nthawi imene zachitika. Tengani chidolecho kapena batire linzake kuti azachipatala aone mtundu wake. Ngati pachipatala chanu chaching'ono palibe ekisire, akutumizani ku chipatala cha boma kapena chachikulu. Pitani tsiku lomwelo.

Kodi ndiye kuti ndinaletsa magalimoto a rimoti pakhomo panga? Ayi. Masewerawa ndi abwino. Mwana amaphunzira kugwirizanitsa maso ndi manja, kudikira nthawi yake, kugonja osalira, ndi kukonza chinthu chikawonongeka. Chimene ndinasintha ndi kasankhidwe. Kagalimoto kofiira kaja ndinakabisa, ndipo titapita kukagula ina ndinachita zimene ndikufuna nanunso muzichita, kaya ndi m'sitolo, pamsika kapena pa kaunjika.

Choyamba, musayambe ndi mtundu kapena liwiro. Itembenuzeni galimotoyo, mutembenuzenso rimoti yake. Pokhala mabatire pakhale potseka ndi sikuluwu, poti sipangatseguke popanda sikuludiraiva. Ngati kachitseko kakutseguka ndi chikhadabo chanu, katsegukanso ndi mano a mwana. Ngati n'kotheka sankhani yoyendera mabatire a AA, aatali aja timaika mu tochi kapena mu wailesi yaing'ono, osati ya timabatani. Ena ali ndi timagetsi tothwanima tokhala ndi kabatire kakekake, choncho yang'anani paliponse.

Chachiwiri, onani zaka zolembedwa pa katoni. Mukaona kankhope ka mwana kali m'kati mwa mzere wofiira wodutsa pakati, pali 0-3, ndiye kuti chidolecho si cha mwana wosakwana zaka 3, chifukwa chili ndi tizidutswa totsamwitsa. Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Ndinaganizira zaka za mwini chidole, osaganizira za wamng'ono amene amakwawa pamphasa yomweyo. Kokani matayala, galasi ndi kawaya ka pamwamba. Chimene chazuka m'manja mwanu chidzathera m'kamwa mwa khanda. Za pa kaunjika zimafuna diso lakuthwa koposa, chifukwa zambiri zimabwera zopanda katoni ndipo zotsekera zake zinathyoka kale.

Chachitatu, ganizirani bwalo lanu. Pa katoni pamalembedwa manambala monga 1:24, 1:16 kapena 1:10. Nambala yachiwiriyo ikachepa, galimoto imakhala yaikulu. Tating'ono tapansi kwambiri timafuna simenti, pa dothi timatitimira ndipo mwana amakhumudwa tsiku loyamba lomwe. Pabwalo lafumbi pamafunika ya matayala akuluakulu okhala ndi mano, yokwera m'mwamba pang'ono. Woyamba kumene safuna yothamanga kwambiri. Imangogunda khoma, kuthyoka, ndalama n'kupita.

Chachinayi, ngati ana akufuna kupikisana, werengani nambala ya pa rimoti. Magalimoto awiri olembedwa 27MHz akakhala pamodzi amasokonezana, rimoti imodzi n'kumayendetsa onse awiri, ndewu n'kubuka. Olembedwa 2.4GHz, rimoti iliyonse imamvana ndi galimoto yake yokha, ndiye angapo akhoza kuthamanga limodzi.

Chachisanu ndi kutchaja. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi batire lotchaja ngati la foni. Ndi zabwino ku thumba, makamaka kwa amene muli ndi sola, koma kutchaja ikhale ntchito ya munthu wamkulu. Tchajirani pansi pa simenti kapena pa dothi louma, osati pa matiresi, pa mulu wa zovala kapena pafupi ndi udzu wa denga. Musasiye likutchaja usiku wonse kapena mukupita kumunda. Batire likatupa, likayamba kununkha kapena kutentha moti simungaligwire, lekani kuligwiritsa ntchito chifukwa likhoza kuyaka. Mabatire otha musawaponye pamoto kapena padzala pomwe ana amatolatola. Tating'onoto tikulungeni ndi selotepi mbali zonse, mutitsekere m'chitini pamwamba pomwe mwana sangafike.

Pomaliza, sankhaninso malo. Galimoto ikathawira kumsewu, mwana amaithamangira maso ali pansi, osaona njinga yamoto kapena minibasi. Bwalo la mpikisano likhale kutali ndi msewu, chitsime ndi pamoto. Masewera akatha, rimoti ikwere pamwamba pa kabati. Kwathu limeneli ndi lamulo, ndipo wolisunga ndi mwini galimoto yemwe. Ndinamufotokozera zimene batire likanachita kwa mlongo wake, ndipo masiku ano ndi iye amene amakalipira anzake akasiya rimoti pansi.

Kwa inu amene thumba silikulola, musadzione ngati mwamumana kanthu mwana. Galimoto ya waya simasowa batire, ndipo woipanga yekha amaphunzira zambiri kuposa wongodina batani. Ingoonetsetsani kuti nsonga za waya zapindidwa, makamaka kumapeto kwa chiwongolero komwe kumayang'ana kumimba ndi kumaso mwana akamathamanga. Waya akamubaya, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo likakhala lakuya kapena lolowa dothi pitani naye kuchipatala ndi buku lake la katemera, chifukwa tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi. Pa mpikisano wa Loweruka lapitali pakhomo pathu, galimoto ya rimoti inathera moto pakati pa msewu, ndipo yopambana inali ya waya ya matayala a zitsekerero za mabotolo.

Usiku uno ana akagona, zungulirani m'nyumba. Tembenuzani zidole, tochi zing'onozing'ono, mawotchi, masikelo ndi marimoti onse. Chopanda sikuluwu chikwezeni pamwamba. Uzaninso agogo ndi alezi amene amatsala ndi ana masana, ndipo muwatumizire uthengawu achibale akunja amene amakonda kutumiza mphatso. Tikumanenso mawa, tidzakambirane za kutsegula m'mimba m'nyengo ino ya mvula.