Amayi Akamati "Ndangotopa Basi"

Mwina iwe amene ukuwerenga tsamba lino waona kale zachilendo kunyumba kwanu. Amayi ako, omwe kale ankathamangira basi ngati mtsikana, masiku ano akumapumira m'njira pokwera masitepe. Fungo la anyezi wokazinga sakufuna kulimva. Kutchalitchi, nyimbo isanathe iwo akhala kale pansi. Ukafunsa, yankho lake n'lakuti, "Ndangotopa basi." Ngati zili choncho, tamvera ndikuuze, chifukwa ine ndine mmodzi wa amayi otere. Ndili ndi pakati pa miyezi 7, ndipo ndikuyembekezera mwana wachitatu.

Timakhala ku Harehills, muno mu Leeds. Ndimadzuka 5 koloko kunja kuli mdima wandiweyani, paja mwezi wa Disembala uno dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa. Ndimayamba ndi pemphero lalifupi nditakhala m'mphepete mwa bedi, poti kugwada kunayamba kundivuta. Kenako ndimaphika phala, kudzutsa ana, n'kupita kukakwera basi. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Chiwauzireni mabwana kuti ndine woyembekezera, anandiletsa kunyamula zolemera, komabe kuimirira tsiku lonse kumatupitsa miyendo. Poweruka 4 koloko madzulo ndimapeza kunja kwada kale, ndipo kunyumba kukundidikira nsima, mbale ndi zovala zochapa.

Tsiku lina mu Okutobala mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka 11, analowa m'nyumba n'kuponya chikwama pansi.

"Mami, bwanji simunandiuze?"

Anali atamva kwa mnzake wa kutchalitchi, amenenso anamva amayi ake akunong'onezana ndi anzawo. Anandiuza kuti mayi a mnzake wina wa kusukulu, mzungu, anamata chithunzi cha sikani pafiriji, n'kuchititsa phwando la mabaluni lolengeza kuti kukubwera mwana wamwamuna. "Nanga ine si wa m'nyumba muno?" anatero misozi ili mbwembwembwe. Ndinasowa chonena.

Iwenso uyenera kudziwa zimene ndinalephera kumuuza nthawi imeneyo. Kwathu ku Malawi mimba salengeza. Ngakhale mawu amene timagwiritsa ntchito ndi ozungulira. Timati mayi "ndi woyembekezera", kapena "ndi wodwala", kapena "ali ndi pakati". Akuluakulu amati ndi pakati chifukwa mayiyo ali pakati pa moyo ndi imfa. Akabereka bwino timati "wachira". Makolo athu anaona amayi ambiri akupita kukachira osabwerako, ndipo ena ankaopanso anthu a nsanje. N'chifukwa chake sankagula zovala za mwana asanabadwe, ndipo dzina sankalitchula.

Koma ngakhale sankalankhula, manja awo ankagwira ntchito. Mtsikana wangayu anabadwira ku chipatala cha Nkhoma. Mwezi wotsiriza ndinakakhala kuchidikiro, malo amene amayi ochokera kutali amadikirirako tsiku lawo pafupi ndi chipatala. Amayi anga, agogo ake, anandiperekeza atasenza dengu la ufa, zitenje, beseni, pepala lapulasitiki lakuda ndi lezala latsopano. Ankandiphikira panja pa mafuwa. Titabwerera kumudzi ndinakhala m'chikuta, ndiko kuti m'nyumba osatuluka mpaka mchombo wa mwana utagwa. Sindinagwire ngakhale mthiko. Azakhali ankatunga madzi, achemwali ankachapa matewera, ndipo amayi a Chigwirizano anabwera atavala zoyera ndi zakuda zawo zija, atanyamula nkhuni, sopo ndi ufa.

Kuno zinthu n'zosiyana. Ku Malawi timati tikupita kusikelo, ndipo kumeneko ankatipatsa masikito ndi mankhwala oteteza ku malungo. Kuno ndimaonana ndi azamba a NHS. Mayi wa mimba yoyamba amaonedwa pafupifupi maulendo 10, koma ife amene tinaberekapo, maulendo 7. Amaunika mwana ndi sikani pa masabata 12 ndi pa masabata 20. Mankhwala olembedwa ndi dokotala ndiponso chithandizo cha mano n'zaulere mpaka mwana atakwanitsa chaka. Anandibaya katemera wa chifuwa chokoka mtima kuti mwana abadwe ali wotetezedwa, ndipo ndimamwa vitamini D tsiku lililonse chifukwa dzuwa la kuno n'lofooka, makamaka kwa ife a khungu lakuda. Zonsezi ndimathokoza nazo Mulungu. Koma mzamba sabwera kudzakutsukira mbale. Agogo ali ku Malawi, mawondo akuwavuta, ndipo ulendo wa pandege sangauthe. Timangolankhulana pa WhatsApp, ine n'kumakumbukira kuti nyengo yozizira ino wotchi yawo ili patsogolo ndi maola awiri. Bambo a anawa amagwira ntchito usiku, ndipo mwana akadzabadwa tchuthi chawo chidzakhala cha masabata awiri okha.

Usiku wa tsiku lija ndinalowa kuchipinda kwa mwana wanga n'kukhala pabedi pake. Ndinamuuza chinthu chimene sankachidziwa. Zaka ziwiri zapitazo ndinali ndi pakati pena, koma ndinapita padera pa masabata 11. Kupita padera ndi pamene mimba yachoka mwana asanafike pobadwa. Iye ankangodziwa kuti Mami anagona kuchipatala chifukwa cha m'mimba. Ndinamuuza kuti ulendo uno ndinakhala chete chifukwa cha mantha. Ndinkaopa kumulonjeza m'bale wake kenako n'kudzamuuza kuti kulibe.

Anakhala duu kwa kanthawi, kenako anafunsa funso limene linandilasa mtima. "Koma Mami, si inu mumati tizikhulupirira Mulungu? Nanga mumaopa chiyani?"

Ee, ana inu mumafunsa! Ndinamuyankha zoona, kuti munthu amatha kukhulupirira uku akuopa. Titatero tinatsegula Baibulo pa Luka mutu 1, pomwe pali nkhani ya Mariya. Atamva kuti adzakhala ndi mwana, ananyamuka mofulumira kupita kwa m'bale wake Elizabeti, amenenso anali woyembekezera, n'kukhala naye pafupifupi miyezi itatu. Ngati mayi wa Ambuye anafuna munthu wokhala naye pafupi, kuli bwanji ine? Apo ndinazindikira kuti chete wanga ankanditeteza ine, koma ankamutsekera mwana wanga panja. Tinapangana kuti kunja tizisunga mwambo wathu, osalengeza paliponse, koma m'nyumba muno tiziuzana zoona.

Kuchokera tsiku limenelo zinthu zasintha. M'mawa kukakhala chisanu choterera, amandimanga zingwe za nsapato, poti ine mapazi anga sindikuwaonanso. Loweruka tikachoka kuno ku kalasi timadzera ku Kirkgate Market, ndipo matumba olemera amanyamula ndi iye. Waphunzira kuphika nsima. Yoyamba inali ya mibulu yokhayokha, koma tinadya tikuseka. Mlongo wake wa zaka 6 ntchito yake ndi kutola zidole pamasitepe kuti ndisapunthwe, ndiponso kuika khutu pamimba n'kunena kuti, "Akumenya mpira!" Nawo amayi a kutchalitchi kwathu alemberana mayina: masabata awiri oyamba aliyense ali ndi tsiku lake lodzabweretsa chakudya. Paja mutu umodzi susenza denga.

Tsono iwe, ngati amayi ako ali ngati ine, usawafunse pagulu kuti, "Muli ndi mimba?" Kumeneko n'kupanda ulemu. Dikira mukhale awiri, ndiye unene kuti, "Amayi, ndikuona ngati simukupeza bwino. Ndikuthandizeni chiyani?" Akafuna kuwerama, unene kuti, "Khalani pansi, ndichita ndine." Sindikunena kuti usiye homuweki kapena masewera, ayi, iwe ukadali mwana. Ndipo ngati mumtima ukuopa kuti khanda likabwera akuiwala, nena. Si tchimo. Mwana wanganso ananena, ndipo tinakambirana.

Ku England kuno makolo amapatsidwa masiku 42 kuti akalembetse mwana wobadwa, choncho nthawi yodikira kuti mchombo ugwe, agogo apereke dzina pafoni, ilipo yokwanira. Mtsikana wanga walemba kale mayina ake kuseri kwa kope: Chisomo, Mphatso, Tadala, Pemphero. Ndamuuza kuti awasunge kaye.

Chikwama chopita nacho kuchipatala chili kale pafupi ndi chitseko. Pamwamba pake pali chitenje chakale chimene agogo anatumiza kudzera mwa munthu wina wochokera ku Lilongwe, chomwe ndinaberekera mwana wanga woyamba pochoka ku Nkhoma. Iye ndi amene anachipinda n'kuchiika m'chikwamamo. Mwezi wa Febuluwale, Mulungu akalola, akufuna kudzakhala woyamba kundiuza mawu amene waphunzira: "Mami, mwachira. Tathokoza."

Mafunso

1. Tchula mawu atatu amene timanena m'Chichewa pofotokoza za mayi amene adzabereke posachedwa.
2. Kodi chidikiro ndi chiyani? Nanga chikuta?
3. N'chifukwa chiyani mayiyu sanamuuze msanga mwana wake?
4. Kodi mwambi wakuti "mutu umodzi susenza denga" ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?

Ntchito yakunyumba: Funsa amayi, bambo kapena agogo ako kuti unabadwira kuti, anakupatsa dzina ndani, ndipo dzinalo limatanthauza chiyani. Lemba ziganizo zisanu, udzatiwerengere Loweruka likubwerali.