Nyama ndiyo imasankha mutu wa chipolopolo

Chipolopolo cha mfuti yosakira chili ndi zinthu zinayi: khoko la mkuwa, fataki yomwe imakhala kumatako kwake, onga, ndi mutu umene umatuluka mumpope. Mukawomba, onga umapsa, khoko ndi fataki zimagwera pansi pamapazi panu. Chofika kwa nyama ndi mutu wokha. Nchifukwa chake pa ntchito yonse yodzadza zipolopolo, pamene ndimakhalitsa ndi posankha mutuwo.

Ndimasaka m'tchire la tsanya ku Limpopo, ndipo zipolopolo zanga ndimadzadza ndekha. Lamulo la mfuti la South Africa la chaka cha 2000 limalola munthu wa layisensi kudzadza zipolopolo za mfuti yake, zogwiritsa ntchito mwini wake, osati zamalonda. Patebulo panga pali pulesi, sikelo, onga wa Somchem ndi buku la miyezo, koma shelefu yodzaza kuposa zonse ndi ya mabokosi a mitu.

Kunenepa kwa mutu si nkhani yokambirana. Mfuti za .308 Winchester, .30-06 ndi .300 Winchester Magnum zonse zimalandira mutu wa mainchesi 0.308. Mfuti ya .303 British, imene ikadali yambiri m'mafamu a kuno, imafuna wa 0.311 kapena 0.312. Ndi maso simungasiyanitse, choncho bokosi lililonse latsopano ndimatolamo mitu ingapo n'kuipima ndisanaikhulupirire.

Kulemera timakuwerenga m'magileni, ndipo magileni 7,000 ndiwo paundi imodzi. Pa .308 anthu ambiri amasankha pakati pa 150, 165 ndi 180. Koma mpope nawo uli ndi mawu ake. M'kati mwake muli mizere yopotana imene imazunguza mutu kuti uyende choongoka, ndipo mutu ukatalika umafuna kuzungulira mwamsanga. Kupotanako ndimakuyeza chonchi: ndimaika kansalu kothina kunsonga ya ndodo yotsukira, ndimalemba kadontho pandodoyo, kenaka ndimaikankha pang'onopang'ono ndikuyang'ana kadonthoko kakuzungulira. Kakabwerera pamwamba ndimayeza kutalika kumene ndodo yalowa. Mfuti yanga imazungulira kamodzi pa mainchesi 10, ndiye mutu wa 180 imaunyamula bwinobwino. Mutu wotalika kuposa mphamvu ya mpope umadziulula wokha papepala: bowo lake silikhala lozungulira, umalowa chopingasa.

Zonsezi n'zapafupi. Pamene pagona nkhani ndi m'kati mwa mutumo.

Mitu yakale, imene mpaka lero ndiyo yotsika mtengo, imakhala ndi mtovu m'kati ndi chikopa cha mkuwa kunja, mtovuwo ukuonekera kunsonga. Ikagunda nyama nsonga imafutukuka ngati bowa, bala limakula, nyama imafa msanga. Remington Core-Lokt, yomwe inatuluka mu 1939, ndi ya mtundu umenewu, chimodzimodzinso Hornady InterLock ndi Sierra GameKing. Pali achinyamata amene amainyoza, koma ine sindigwirizana nawo. Mutu wotere wa magileni 180 wochoka mu .308 pa liwiro la mafiti pafupifupi 2,600 pa sekondi umagwira ntchito yokoma pa nswala, njiri ndi ngoma. Mavuto amayamba mukauthamangitsa. Mutu womwewo mukauika mu .300 Magnum umachoka pafupi ndi mafiti 3,000 pa sekondi, ndipo m'tchire lathu lothithikana nyama nthawi zambiri imaima pa mamita 60 kapena 80, liwiro lisanatsike n'komwe. Ukakumana ndi fupa la phewa, mtovu umavuuka m'chikopa chake n'kumwazikana. Kunja bala limaoneka loopsa, koma m'kati silinafike kumapapo. Nyama yotero imathawa ndi miyendo itatu, ndipo amene anatsatirapo magazi a nyumbu yovulala dzuwa lonse amadziwa chisoni chake.

Vuto lomweli ndi limene John Nosler anakumana nalo mu 1946 ku British Columbia, pamene anawomba moose, nyama yaikulu ya kumeneko, yomatika matope ndi mfuti ya .300 H&H, mitu yake n'kulephera kulowa mokwanira. Atabwerera kwawo anapanga mutu wokhala ndi khoma la mkuwa pakati: mtovu wakutsogolo umafutukuka, mwina n'kutha ndithu, koma wakumbuyo umakhala wotsekeredwa ndipo umapitiriza kukankha. Nosler Partition inayamba kugulitsidwa mu 1948. Ndinatengapo umodzi n'kuupala ndi tupa m'litali mpaka theka. Khomalo limaoneka bwino lomwe, kachingwe kofiirira kolekanitsa zipinda ziwiri zotuwa. Mutu uliwonse watsopano ndimauchita zomwezo ndisanaudzadze, chifukwa chithunzi cha pabokosi sichikuuzani kuti chikopa n'chochindikala bwanji kumunsi.

Ena anathetsa vutoli pomatiriza mtovu ku chikopa kuti zisalekane, monga Swift A-Frame ndi mitu ya Rhino yopangidwa konkuno. Enanso anauchotseratu mtovu. Randy Brooks wa kampani ya Barnes anatulutsa mutu wa mkuwa wokhawokha, wotchedwa X, mu 1989. Nsonga yake ili ndi kabowo, ndipo ikagunda imang'ambika mapanda anayi amene amapindikira kumbuyo osathothoka.

Sukulu yanga yeniyeni ndi posendera nyama. Anyamata osenda amadziwa kuti akamva kanthu kolimba pansi pa chikopa cha mbali inayo asakataye. Ndimakatsuka m'madzi ofunda, ndimachotsa minyewa ndi ubweya ndi kabulashi, kakauma ndimakaika pasikelo. Mutu wamba wa 180 kawirikawiri umabwera utataya gawo lalikulu ndithu la kulemera kwake, nthawi zina chikopa pachokha, mtovu pawokha. Womatiriza umabwera wathunthu, wotambasuka bwino. Wa mkuwa wokhawokha sindiupeza kawirikawiri chifukwa umatulukira kuseri, ndipo zimenezo ndimazikonda: mabala awiri amakhetsa magazi otsatika mosavuta. Uliwonse ndimauika m'kathumba ndi kapepala kolemba nyama yake, mtunda ndi pamene unalowera. Ndimayang'ananso nyamayo. Ife ambiri timasakira nkhuli ndi nyama youmitsa ya biltong, osati nyanga. Mutu wopepuka wothamanga kwambiri umasiya phewa lonse litavundikira magazi, lakuda bii, loyenera agalu basi. Wolemera woyenda modekha umaboola n'kudutsa, ndipo mumadya mpaka m'mphepete mwa bala. Ichi n'chifukwa chake mfuti zakale ngati 7x57 ndi mutu wa magileni 175, kapena 9.3x62 imene Otto Bock anakonza mu 1905 ndi mutu wake wa 286, zikukondedwabe m'tchire muno. Sizithamanga, koma mitu yake ndi yaitali ndi yolemera poyerekeza ndi kunenepa kwake, ndiye imalowa kutali ngakhale mu ntchefu.

Za mkuwa wokhawokha ndinene zambiri pang'ono, poti ndiko ambiri tikulowera. Mkuwa ndi wopepuka kuposa mtovu, choncho mutu wa mkuwa wa 180 umakhala wautali kuposa wa mtovu wa 180. Umadya malo a onga m'khoko, ndipo umafuna mpope wopotana kwambiri. Ine ndimatsika sitepe imodzi kapena ziwiri: pamene ndikanaika 180 wa mtovu ndimaika 165 kapena 150 wa mkuwa, ndipo sulowa moperewera chifukwa sutaya kulemera panjira. Sukondanso kukhala wogundana ndi poyambira mizere ya mpope, umafuna kampata kodumpha. Chofooka chake n'chakuti umadalira liwiro kuti utseguke. Ukafika patali utatopa umangoboola kabowo kakang'ono, nyama n'kupita nako. Mtengo wake ndi wowawa, komabe pali chifukwa chimene chimandikokera kumeneko. Mtovu umasiya tizidutswa tosaoneka ndi maso mozungulira bala ndi m'matumbo amene alenje amasiya kutchire. Miimba ikadya zimenezo imadwala, ndipo miimba ya kuno yatha kale mokwanira ndi poizoni wa anthu opha nyama mozemba. Ku California analetseratu mtovu pa ulenje uliwonse kuyambira mu 2019, nkhani imene inayambira pa kuteteza mbalame ya condor. Ine sindidikira lamulo. Nyama imene ana anga adye, ndi matumbo amene mbalame zitole, ndimafuna zikhale zopanda mtovu pamene ndingathe.

Chimene ndimakaniratu ndi mitu ya mpikisano. Imagundana pabowo limodzi papepala, inde, ndipo munthu amakopeka nayo. Koma chikopa chake n'chopyapyala ndipo sichinapangidwe kuti chitseguke mwadongosolo: lero uphulika pamwamba, mawa udutsa osatseguka. A Sierra eni ake amanena poyera kuti MatchKing si ya nyama zikuluzikulu. Mapapo a ngoma ndi malo otakasuka. Mutu wosakira umene umaika mabowo ake m'kati mwa mainchesi awiri pa mamita 100 wakwanira kale m'tchire la tsanya. Nsonga zosongoka ndi matako owonda zodulira mphepo zimayamba kukhala ndi phindu mukapita ku Karoo kukasaka springbok pabwalo lopanda mtengo, pa mamita 250 kapena 300, kumene mphepo imakankha mutu moonekeratu. Kumeneko ndimanyamula bokosi lina.

Mutu watsopano suona nyama usanayesedwe. Ndimanyika mulu wa nyuzipepala zakale m'madzi usiku wonse, ndimazimanga molimba m'kabokosi, nthawi zina ndimaika fupa la ng'ombe kutsogolo, ndiye ndimawomba pa mtunda umene ndimasakira. Pambuyo pake ndimatsegula tsamba ndi tsamba kufufuza pamene mutu unayamba kutambasuka ndi pamene unaima. Si nyama ayi, koma mitu iwiri mukaiyesa tsiku limodzi m'mapepala amodzimodzi kusiyana kwake kumaonekera.

Ndipo ndikasintha mutu, ngakhale kulemera kukhale komweko, muyezo wa onga sindiutengera ku mutu wakale. Kulimba kwa chikopa, kutalika kwa mbali yokhudza mpope ndi kuzama kwake m'khoko zimasintha mphamvu ya m'kati. Ndimabwerera pa muyezo wotsikitsitsa wa m'buku la opanga ongawo, ndimakwera pang'onopang'ono, ndikuyeza liwiro ndi kuyang'anitsitsa khoko lililonse: fataki yaphwatalala kodi, boti ya mfuti ikuvuta kutsegula? Ndikaona chimodzi mwa zimenezi ndimalekera pomwepo n'kutsika. Ndimayesanso masana kukutentha, chifukwa muyezo umene unali wofatsa m'mawa wa June utha kulusa pa dzuwa la October. Mfuti ikaukonda mutu wina, ndimagula mabokosi angapo a loti imodzi nthawi yomweyo, pakuti mitu yochokera kunja imasowa m'masitolo miyezi yambirimbiri, ndipo loti yatsopano imafuna kuyesedwanso.